Kaphukusi ka m'Sokosi ya Gracian

Botolo la mapiritsi limalira. Amene sanamwepo mankhwala amenewa sangadziwe kuti mavuto ambiri amayambira pamenepo. Ukaliika m'thumba n'kuponda kamodzi, layamba kale kusokosera ngati chisekese cha kwaya, ndipo mwamuna wandevu zake, amene amatsika mumgodi ndi chingwe chotha osaphethira n'komwe, amatuluka thukuta chifukwa cha kaphokoso kameneko.

Ine ndine Eluby. Ndinabadwira m'komboni ya ku Mvuma, kuno kudziko la Ashona, kumene bambo athu anafika kuchokera ku Ntcheu mgodi waukulu usanatseke. Mgodiwo unatseka, bambo tinawaika konkuno, ife tinatsala m'nyumba zomwezo za malata adzimbiri. Ndimagulitsa tomato, anyezi ndi mabanzi pakhonde. Ma ARV ndinayamba kumwa kalekale ndipo komboni yonse imadziwa, chifukwa botolo langa limakhala pawindo pafupi ndi mchere. N'chifukwa chake anesi a ku kiliniki anandisankha kuti ndizitengera anthu mankhwala, makamaka makorokoza, amuna okumba golide m'timigodi tosiyidwa, amene safuna kuima pamzere tsiku lonse mwala ukuwadikira. Anandipatsa lamulo limodzi lolimba: matenda a munthu wina asatuluke pakamwa panga. Zimene ndikunena pano eni ake anaziulula okha, ngakhale anaziulula madzi atafika kale m'khosi.

Mchimwene wanga wamng'ono, Gracian, ankakumba m'sindiketi ya anthu anayi. Sindiketi ndi kagulu kokumba mgodi umodzi, ndipo lamulo lawo ndi lakuti chilichonse chotuluka pansi ndi cha onse. Mtsogoleri anali Obert, chimunthu chachitali cholankhula mokuwa, mayi ake Mchewa bambo ake Mshona. Panali a Daison, madala amene anagwirapo ntchito ndi bambo athu, ndiponso Honest, amene dzina lake linamulowa m'mutu moti ankadziyesa wapolisi wa gulu.

Mwa anayiwo, atatu ankabwera kuseri kwa nyumba yanga kudzatenga mapiritsi. Atatu! Aliyense pa nthawi yake, aliyense akuyang'ana uku ndi uku, aliyense akuti wabwera kudzagula tomato. Obert ankakhuthulira ake m'kabotolo ka mankhwala a mutu, ndiye m'mawa uliwonse ankagwira pachipumi n'kudandaula kuti mutu ukumuwawa. A Daison ankasunga awo m'kachitini ka fodya wa m'mphuno. Amunawa ankagona tenti imodzi, ankamwera kapu imodzi, ankagwirirana chingwe pamwamba pa dzenje, koma aliyense ankaganiza kuti kachilombo ali nako ndi iye yekha m'chigawo chonse cha Midlands.

Wachitatu, Gracian, ndiye anali mutu wa mavuto. Iye botolo sankafuna n'kuligwira komwe. Mabotolo ake ankakhala m'nyumba mwanga, ndipo akabwera ankatapa mapiritsi pang'ono, n'kuwakulunga m'kapepala ka pulasitiki, n'kumanga ndi ulusi, n'kulowetsa kaphukusiko m'sokosi.

"Iwe, tenga botolo," ndinamuuza tsiku lina. "Ndakuikiramo thonje, sililira. Mankhwala awa safuna chinyezi, ndipo mapazi akowo amatuluka thukuta ngati chiyani."

"Aiwa, achemwali. Botolo limaoneka."

"Nanga kaphukusiko sikaoneka? Ukudziwa chimene amuna a kumigodi amakulunga m'pulasitiki n'kubisa m'sokosi?"

Anaseka, nati palibe amene amayang'ana mapazi a mnzake. Ndinamuuza kuti mwana wa m'komboni sangalankhule zopusa choncho, popeza tonse tinakula tikuona akuba golide akuvulidwa magambutsi pageti. Anatenga banzi osalipira n'kumapita.

Mvula itayamba, mwala unavuta. Ankapita nawo kuchigayo, makina ophwanya miyala aja, n'kubwerako ndi kanthu kosakwana kugula ufa. Amuna akakumba osapeza kanthu amayamba kuyang'anana, ndipo Honest sanachedwe kuona kuti m'mawa uliwonse, anzake akumwa tiyi, Gracian amanyamuka yekha kupita kuseri kwa mulu wa dothi, amawerama, amapisa dzanja m'gambutsi, kenako n'kubwerera akupukuta pakamwa. Kwa korokoza aliyense zimenezi zili ndi tanthauzo limodzi basi. Munthu ameneyo wapeza golide pansi, wabisira anzake, ndipo akupita kukamusuzumira ngati akadalipo.

Gracian anabwera kwanga masana ena nkhope itagwa. Anakhala pa kreti ya mabotolo, osagwira n'banzi lomwe.

"Honest akunditsata," anatero. "Ndikangonyamuka, nayenso wanyamuka. Ngakhale kuthengo akundiperekeza."

"Ndiye mankhwala ukumwa nthawi yanji?"

Anayang'ana pansi. Ndinadziwa yankho asanatsegule pakamwa, ndipo mtima wanga unapsa nthawi yomweyo.

"Wasiya?"

"Ndangoima kaye, achemwali. Zikazizira ndiyambiranso."

"Ukuganiza kuti kachilomboko nako kaima kaye? Kakhala pansi kakudikira kuti Honest atope? Gracian, unaiwala mmene unalili tisanakutengere ku kiliniki? Ndinakusambitsa ine ndi manja awa, munthu wamkulu ngati iwe. Ukamadumphadumpha, mankhwala amasiya kugwira ntchito, anesi anakuuza pamaso panga."

"Ndiye nditani?"

"Uwauze. Uza Obert yekha ngati enawo ukuwaopa."

Anadzidzimuka ngati ndamuthira madzi otentha. Anati Obert ndi amene amaseka kwambiri anthu omwa mapiritsi, amati ndi mafoni ofuna kuwajusa, kuwathira mayunitsi, tsiku lililonse. Anati akadziwa, palibe amene adzalole kuti Gracian amugwirire chingwe, adzati alibe mphamvu. Ine ndinangoluma mlomo. Ndinkadziwa chifukwa chimene Obert amasekera mokweza choncho, ndipo yankho linali pa lilime penipeni, koma silinali langa kuti ndilipereke.

"Bwera ku gulu lathu Lachitatu," ndinatero. "Timakhala pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi, timakambirana, anthu amaphunzitsana kaululidwe kake."

"Gulu la azimayi?"

"Ndi la azimayi chifukwa amuna ndinu amantha."

Anaimirira. Pachipata anatembenuka, nandiloza chala. "Mukangotsegula pakamwa, achemwali, ubale wathera pomwepo."

M'mawa mwake kunabwera Obert kudzagula tomato wake uja. Ndinamupatsa mabotolo ake kuseri, iye n'kuyamba kukhuthulira m'kabotolo ka mankhwala a mutu, maso ali kumsewu.

"Sisi Eluby," anatero motsitsa mawu, "ndimakulemekezani, koma mchimwene wanu akutibera. Ali ndi kanthu m'sokosi."

"Wakaona kanthuko?"

"Munthu wabwinobwino angamapite kuseri kwa mulu m'mawa uliwonse kukatani?"

Ndinamuyang'ana, ndinayang'ananso kabotolo kali m'manja mwake. Ndinafuna kumuwaza ndi tomato wowola.

"Obert, nanga iwe mutu wakowu, umene umawawa m'mawa uliwonse, anzako amati chiyani?"

"Zvangu ndezvangu, sisi. Zanga n'zanga. Musasakanize nkhani."

"Bwanji osawauza anzako zoona? Mwina ungapeputse wina."

"Ine? Ndiwauze kuti atani nazo?" Anaseka, natola tomato awiri kuti anthu aone kuti anabweradi kudzagula, n'kumapita.

A Daison ndinawapeza ndekha kumpopi. Iwo ndi akulu, anaona zambiri, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti akukayikira zoona zake. Ndinawafunsa mwaulemu ngati sangalankhulepo kuti anyamatawo amusiye Gracian.

"Mwana wanga," anayankha akusisita kachitini kawo, "ndikati mwina si golide, andifunsa kuti nanga n'chiyani. Ndikati mwina ndi mankhwala, andifunsa kuti ndadziwa bwanji."

"Ndiye mungokhala chete, madala, mwana wa mnzanu akuonongeka?"

"Zioneka zokha," anatero, nanyamula chigubu chawo.

Ndinabwerera kunyumba ndikuyankhula ndekha mumsewu ngati wamisala. Ndinapitanso ku kiliniki kukafunsa anesi ngati palibe kakhomo kena. Anandimvetsera bwino, koma anati ulula zako zokha, za ena ayi, chifukwa tsiku limene ndidzatchule dzina la munthu mmodzi, amuna onse a kumigodi adzasiya kubwera kuseri kwa nyumba yanga. Ankanena zoona, ndipo n'zimene zinandipsetsa mtima kwambiri.

Zinaphulika Loweruka m'mawa. Ndinali nditapita kumgodi kwawo ndi dengu la mabanzi, monga ndimachitira anthu akamapita kuchigayo. Gracian, mwina mawu anga atamulowa, anayesa kuzembera kuseri kwa mulu kuti akamwe. Sanafike patali. Honest anamudumphira kumbuyo, namugwira kolala, n'kumukokera pakati pa anthu.

"Mbavha! Wakuba uyu! Vula gambutsi tione!"

Makorokoza a masindiketi ena anasiya mafosholo n'kuthamangira. Obert anaimirira, chikwanje chili m'manja, osati chomutemera koma choti aliyense achione.

"Gracian, shamwari," anatero, "tulutsa tigawane. Ukatulutsa wekha, nkhani ithera pano."

Gracian anapisa dzanja m'gambutsi, natulutsa kaphukusi kaja, nakafumbata. Anayang'ana khamu lonse, kenako anayang'ana ine. Ndinaika dengu pansi. Ndinatulutsa botolo langa m'thumba la epuloni, ndinaligwedeza mwamphamvu kuti aliyense amve, ndinatsegula n'kumeza piritsi langa la tsikulo pamaso pawo popanda madzi. Linandikakamira pakhosi, koma ndinafuna aone kuti munthu amatha kutero dziko osagwa. Anthu anangoti ndi Eluby uja, n'kubwezera maso kwa Gracian.

"Tsegula dzanja, mchimwene wanga," ndinatero. "Palibe chimene chikuchitikire."

Ndinayang'ana a Daison. Anali kuyang'ana zala za kumapazi kwawo.

Pambali pa mgodi wawo panali dzenje lina lakale, lodzaza madzi a mvula. Gracian anatambasula mkono, naponya kaphukusiko m'menemo. Tinangomva kuti chubwi.

Phokoso limene linabuka silinali lamasewera. Honest anamumenya mbama, wina anamuponda, ndipo ndikanapanda kugwera pakati ndi dengu langa akanamuphwanya nthiti. Obert anakuwa kuti wakuba alibe malo m'sindiketi, atenge bulangete lake azipita. Gracian anapukuta magazi pamlomo, analowa m'tenti, natuluka ndi kachikwama kake. Sanayang'ane munthu. Anasankha kutchedwa wakuba pamaso pa Mvuma yense, mwana wa bambo amene anagwira ntchito pamgodi moyo wawo wonse osatolapo ngakhale msomali.

Ndinatolera mabanzi anga m'dothi n'kuthamangira kunyumba, poganiza kuti ndikamupeza kumeneko. Kunalibe. Madzulo mayi wina wogulitsa nthochi pasiteji anandiuza kuti anamuona akukwera kombi, minibasi ya ku Gweru, akufunsa za mabasi a ku Gokwe, kumene amati kwatuluka golide watsopano. Foni yake inali yozima. Mabotolo ake onse anali m'kabati mwanga, odzaza, thonje lili m'kati.

Tsono imvani zimene anachita amuna otsalawo. Poti Gracian analolera kumenyedwa ndi kuthamangitsidwa chifukwa cha kaphukusiko, iwo anatsimikiza kuti m'menemo muli golide wamkulu. Anakabwereka pampu, anagula dizilo ndi ndalama za ufa, nayamba kupopa madzi m'dzenje lakale lija. Pampu inalira, inazima, anaikonza, inaliranso. Mvula inagwa n'kubwezeramo madzi, iwo anayambiranso. Komboni yonse inkapita kukaonerera, ndipo anthu anali atayamba kale kukangana za kulemera kwa golideyo. Ine ndinkawaona ndili pakhonde, amuna akuluakulu akuthamanga ndi zigubu za dizilo, ndipo ndinkasowa kuti ndiseke kapena ndilire. M'bale wanga anali kwinakwake kutchire la ku Gokwe opanda piritsi ndi limodzi lomwe.

Tsiku limene madzi anaphwa ndinapitako. Anamutsitsa Obert ndi chingwe. Anakhalitsa pansi akufufuza m'matope, kenako tinamva akukuwa kuti akoke. Anatuluka ali matope okhaokha, mano okha akuyera, kaphukusi kali m'mwamba. Anthu anaimba mluzu. Honest anayala thumba pansi kuti pasatayike kanthu, Obert anagwada, naduladula ulusi ndi mano, natambasula pulasitiki.

Munali phala loyera, ndi mapiritsi angapo amene madzi sanawamalize.

Mluzu unatha. Obert anakhala chogwada, akuyang'ana mapiritsiwo. Sanafunikire kufunsa munthu, popeza anali atameza lofanana nalo m'mawa womwewo.

"Chii ichi?" anafunsa Honest. "N'chiyani chimenechi? Golide ali kuti?"

A Daison anakhala pansi pa mwala. Kenako anatulutsa kachitini kawo ka fodya, anakatsegula, nakaika pa thumba paja pafupi ndi phala loyeralo. Munalibe fodya.

Obert anawayang'ana. Anapisa m'thumba la ovolosi, natulutsa kabotolo ka mankhwala a mutu, nakhuthulira mapiritsi ake m'dzanja lamatope.

"Mudhara," anatero ndi mawu osasa, "nanunso?"

"Chaka chachisanu ndi chimodzi," anayankha a Daison.

Pamenepo lilime langa linamasuka, poti eni ake anali atadzivula okha, ndipo ndinalankhula zonse zimene ndinazimeza nyengo yonseyo.

"Mwaona tsono? Mwamupeza golide wanu? Tenti imodzi, kapu imodzi, mapiritsi amodzimodzi, koma aliyense kubisala kwa mnzake ngati mphaka wakuba nsomba! Iwe Obert, pakamwa pako pomwepo ndi pamene panamutseka mwana uja. Ukanangosiya kuseka anthu ojusa, ukanangonena mawu amodzi, bwenzi lero akumwa mankhwala ake ndi tiyi pamoto apa. Inu madala, munadziwa, munakhala chete. Mwatentha dizilo kupopa dzenje kuti mupeze chinthu chimene chinali m'matumba mwanu!"

Honest anayamba kunena kuti iye sankadziwa. Ndinamuuza kuti asiye kulondalonda anzake kuthengo, apite akayezetse magazi, mwina angadziweko kanthu kena kothandiza. Anthu ena anaseka, ena anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ndipo ndinaona amuna awiri atatu a masindiketi ena akupewa maso anga. Amenewo sindinena kanthu za iwo.

Obert anaimirira, napukuta manja pa ovolosi.

"Ali kuti, sisi?"

"Ku Gokwe. Gokwe yake iti, sindikudziwa. Ndipo sanatenge kanthu."

"Makorokoza sasowana," anatero. "Kumene kwatuluka golide ndikudziwako."

M'mawa mwake anafika kwanga atasamba, chikwama chili kumsana. Kwa nthawi yoyamba analowera kukhonde, pamene pamakhala anthu, ndipo tomato sanamuyang'ane n'komwe. Ndinatulutsa mabotolo a Gracian m'kabati. Anatambasula dzanja, koma ndinamuuza adikire kaye. Ndinatsegula botolo lililonse, ndinasolola thonje lonse lija, ndinatsekanso, kenako n'kumupatsa.

Anandiyang'ana, nayang'ana thonje lili m'manja mwanga.

"Sisi, m'kombi mukhala anthu."

"Ndikudziwa."

"Nanga akakana kubwera?"

"Umwe lako pamaso pake. Ine anandiona ndikumwa, sizinamuthandize, poti ndine mlongo wake. Akuone iwe."

Anaponya mabotolowo m'thumba la jekete, natsika pakhonde. Azimayi a pampopi anatembenuka. Obert sanachepetse liwiro ndipo sanagwire thumba. Ndinaima pachipata ndi thonje langa, ndikumumva akusokosera msewu wonse mpaka kusiteji.